Ndinapita Kukaphunzira Kumanga, Bambo Anasudzulidwa

Atsikana a kumudzi kwathu akandipeza pa ntchito ku Neno Boma, ndili pamwamba pa khoma, simenti mpaka m'tsitsi, funso lawo limakhala limodzi: "Achemwali, koleji ija imadula bwanji?" Ndimawayankha zoona. Fizi yake si yoopsa poyerekeza ndi makoleji a m'tauni, poti ndi ya boma. Koma uyenera kukhala ndi ovolosi yakoyako, nsapato zija zolimba kumphuno, chipinda cha lendi chifukwa kulibe kogona, ndi chakudya cha zaka ziwiri. Akamva zimenezo amagwedeza mutu n'kumapita. Zinazo sindiwauza. Pa ntchito si pokambira za kumudzi, ndiponso matope sadikira munthu, amauma.

Ine koleji ija inandidyera malo a bambo anga. Koma ndiyambe ndi mayi.

Mayi anamwalira dzinja, chimanga chikumasula. Pamaliro sindinalire monga anthu ankayembekezera. Azimayi a kumpingo ankandisuzumira kunkhope, wina mpaka kundigwedeza phewa kuti, "Lira mwanawe, usasunge." Ndinayesa, koma sizinatuluke. M'kati mwangamu munachita dzanzi, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ndinkaphika, kutunga madzi, kuyankha moni. Munthu akandiuza kuti pepa ndinkati zikomo, ngati wandipatsa mchere.

Bambo anali mkamwini. Kwawo ndi kumapiri, mbali ya kwa Dambe, ndipo anatsika kudzakwatira kumudzi kwa mayi, kufupi ndi Ligowe, ine ndisanabadwe, achimwene anga asanabadwenso. Nyumba anamanga ndi iwo. Malata anagula ndi iwo, limodzilimodzi, ndi ndalama za mbatesi. Munda anaulima mpaka khasu linawapinda msana. Koma dothi linali la mayi, ndipo mwamuna wa chikamwini mkazi akamwalira amasudzulidwa. Akuchikazi amakhala pansi ndi ankhoswe, amamuthokoza, amamuuza kuti wamasuka, ndipo amanyamula zake n'kubwerera kwawo. Si chilango ayi. Ndi mmene zimakhalira basi.

Titameta, amalume anga, mlongo wawo wa mayi, amene ndiwo mwini mbumba yathu, anati, "Alamu asachoke. Pakhomo pano pali mwana." Mwanayo ndinali ine. Ndinali nditadutsa zaka makumi awiri, Folomu 4 ndinali nditalemba kalekale, ndi mapointi oti ukawatchula pagulu anthu amayamba kufunsa za mvula. Achimwene anga onse awiri anakwatira kutali, monga amachitira amuna. Choncho m'nyumba munatsala ine ndi bambo, ndipo aliyense ankadziwa, ine ndemwe, kuti bambo akukhala pamudzipo chifukwa ine ndilipo.

Tinakhala choncho mpaka kukolola, mpaka mwamvu. Bambo ndi munthu wosalankhula, ine ndine wapakamwa, koma nthawi imeneyo pakamwa panga panali patatsekeka. Ankadyera pakhonde, ine kukhitchini. Tsiku la msika ndinkapita ku Ligowe ndi tomato, ndi kubwera ndi sopo. Ndikafunsidwa lero kuti miyezi imeneyo ndinkaganiza chiyani, ndilibe yankho. Sindinkaganiza kanthu.

Lamlungu lina mapemphero atatha, amkulu a mpingo anati achinyamata atsale, kwabwera mlendo. Anali mphunzitsi wa ku koleji ya ntchito zamanja, bambo wina wadazi, wa malaya otuwa m'khosi. Ine ndinatsala chifukwa kunja kunali dzuwa. Mlendoyo anati boma linatsegula makoleji oterewa kuti mwana wa kumudzi asamathere pa kabaza ndi kuotcha makala. Anatchula ukalipentala, kusoka, kuwotcherera zitsulo, kukonza njinga zamoto, magetsi a dzuwa. Pa zomangamanga anaima, nati atsikana akufunika kwambiri, amabwera ochepa, ndipo amene amabwerawo sachita manyazi ndi khoma. Zaka ziwiri, theka m'kalasi, theka ndi manja, kenako miyezi ingapo kwa amisiri enieni pa ntchito yeniyeni. Ukatuluka uli ndi pepala, koma iye anati pepalalo ndi laling'ono, chachikulu ndi chakuti palibe amene angakulande luso.

Mnyamata wina kumbuyo anafunsa kuti, "Kodi kuli alawansi?" Anthu anaseka. Mphunzitsi uja sanaseke. Anati kulibe, ndipo asatinamize, kulibenso hositelo, kulibe phala. Wofuna kubwera adzipezere pogona ndi podya. Anyamata ambiri anayamba kutuluka pomwepo, mmodzimmodzi, ngati akupita kuseri. Ine ndinakhalabe. Sindinganene kuti mtima unadumpha. Ndinangoona kuti kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mayi ndamvetsera munthu mpaka kumaliza.

Ndinapita kukaona ndekha. Kolejiyo ili kumunsi, kuchigwa kotentha, kumene ife a kumtunda timafika titatuluka kale thukuta. Ndinakwera lole ya mbatesi. Ndinapeza mashedi aatali a malata, phokoso la makina, fungo la utuchi. Kuseri kunali bwalo la omanga. Ophunzira ankamanga timakoma tofika m'chiuno, mphunzitsi n'kudutsa ndi levulo, kuyeza, kunena mawu awiri atatu. Dzuwa litapendeka onse anagumula zimene anamanga, kupala njerwa, kuzisanja bwinobwino kuti mawa adzayambirenso. Ndinaimirira pamenepo nthawi yaitali. Kumanga, kugumula, kumanganso. Ndinati ntchito iyi ndingaithe, chifukwa sifuna mtima, imangofuna manja ndi diso.

Mtsikana wina wa chaka chachiwiri, wa manja okhakhala ngati chikwanje chakale, anandikokera pamthunzi n'kundiuza zimene aphunzitsi sadziwa bwino. Anati chipinda mumakhala atatu, makala mumasonkherana, madzi ndi ogula pa mjigo. Anati nsapato usagule zatsopano, ukafune pa kaunjika, ndipo zikakula uziika nyuzipepala kumphuno. Anati miyezi ya kwa amisiri ija ndiyo yowawa, umagwira ntchito ya munthu wamkulu koma malipiro ndi zikomo. Kenako anandifunsa kuti kwanu watsala ndani. Ndinati bambo. Anati, "Ndiye bola, uli ndi wokutumizira ufa."

Ndinalembetsa, ndinakayankha mafunso, ndipo patapita nthawi uthenga unalowa pa foni kuti anditenga. Ndinauwerenga ndili pa mjigo. Ndinaika foni m'chitenje n'kupitiriza kupopa.

Amalume sanachedwe. Nkhani pamudzi siyenda ndi miyendo. Anabwera m'mawa ndi mayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi, anakhala pakhonde, bambo anawapatsa mpando iwo n'kukhala pa mtondo wovundikira. Amalume si munthu woipa, ndinene zimenezo msanga, chifukwa ndikanakonda akanakhala woipa. Anayamba ndi kundiyamikira. Kenako anati mwana wa mayi aang'ono, mchemwali wanga, wangokwatiwa kumene, ali ndi pakati, ndipo iye ndi mwamuna wake akupanikizana m'kanyumba ka maudzu, munda alibe. Anati nyumba ya malata singakhale yopanda mwana wa mbumba zaka ziwiri, ndipo munda wa mayi sungakhale m'manja mwa mlamu yekha. Mchemwali wangayo alowe m'nyumba, alime mundawo, ndipo pa zokolola azinditumizira chimanga ndi nyemba ku sukulu. Ndikadzamaliza tidzakambirana.

"Nanga bambo?" ndinafunsa.

"Alamu atisunga bwino," anatero amalume. "Nthawi yowamasula inakwana kale. Tinkangoona iwe."

Pamenepo ndiye pakamwa panga panatseguka, patatha miyezi yonse ija. Ndinawafunsa ngati malatawo anagwa kumwamba ngati matalala. Ndinawafunsa kuti pamene mayi ankadwala, anawanyamula pa njinga kupita nawo ku chipatala ndani, mbumba kapena mkamwini. Ndinati zaka ziwiri si zaka makumi awiri, munthu wamkulu ngati uyu simungamulole kudikira mwana wake m'nyumba yake? Mayi aang'ono anati ndilibe mwambo. Ndinati mwambo ndili nawo, ndi womwewu ukuthamangitsa bambo angawa. Amalume anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera.

"Palibe akukuthamangitsa iwe," anatero. "Ukakhala, alamu akhala. Ukapita, walira mvula walira matope. Sankha wekha, ndiwe wamkulu."

Bambo nthawi yonseyi ankayang'ana zala za kumapazi kwawo. Mkamwini salowerera nkhani za mbumba, ngakhale nkhaniyo ikhale ya iye mwini.

Madzulo ake ndinawapeza kuseri kwa nyumba akukhoma mpini. Ndinagwada chapatali.

"Bambo, ndikapita akusudzulani."

"Ndamva. Ndinali pomwepo."

"Ndiye mukuti bwanji?"

Anagogoda mpini pa mwala, kuuyang'ana, kuugogodanso. "Ine pobwera pano ndinkadziwa kuti ndine wobwera," anatero. "Akanakhala kuti otsala ndi amayi ako, bwenzi palibe nkhani. Zatembenuka. Iwe pita ku sukulu."

"Kwanuko mukakhala kuti?"

"Kuli alongo anga."

Ndikanatha kukhala. Palibe amene akanandinena, mwina akanandiyamikira kumene kuti mwana uyu ndi wosunga kholo. Ndikanagulitsa tomato ku Ligowe mpaka wina adzandifunsire. Koma ndinkafuna kuchoka m'nyumba ija. Chitenje cha mayi chinali chikadali pa chingwe kuchipinda, ndipo ine ndinkachidutsa tsiku lililonse osamva kanthu, ndipo kusamva kanthuko kunayamba kundiopsa. Ndinasankha kupita ndikudziwa mtengo wake. Sindikulemba izi kuti wina andikhululukire.

Anawasudzula Loweruka m'mawa. Kunabwera ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi azakhali, mlongo wawo wamkulu wa bambo, amene anatsika kumapiri wapansi. Abusa anapemphera kaye. Ankhoswe a kuchikazi analankhula mawu abwino zedi, akuti bambo sanatukwanepo munthu pamudzi, sanamenyepo mkazi, maliro onse a pamudzi ankakumba nawo manda. Anati tsopano amasuka, akafuna kukwatira akwatire, akafuna kudzaona ana njira ndi yotsegula. Anawapatsa nkhuku ndi ufa m'lichero. Bambo anawomba m'manja mwaulemu, nati zikomo. Anthu ena ankapukuta misozi. Ine ndinkayang'ana nkhuku ija, mmene inkaphethira, miyendo itamangidwa ndi luzi.

Zawo zinali zochepa. Njinga, wailesi, nkhwangwa, makasu, matiresi, ndi mbuzi zimene anagula okha. Mbuzizo sanapite nazo. Anazigulitsa kwa wopha nyama wa ku Ligowe, ndipo ndizo zinasanduka ovolosi yanga, nsapato, mpeni womangira, ndi lendi yoyamba. Anamanga matiresi pa njinga, nkhuku pamwamba, n'kuyamba kukankha kulowera kumtunda, azakhali pambuyo atasenza ufa. Ndinawaperekeza mpaka pa mtsinje. Anati, "Bwerera, ukalongedze." Ndinabwerera ndi kukalongedza. Pofika ine mchemwali wanga uja anali atayamba kale kusesa pabalaza, ndipo atandiona anaima ndi tsache m'manja, manyazi atamugwira. Ndinamuuza kuti apitirize, ndi kumusonyeza pamene denga limadontha.

Za ku koleji ndinganene zambiri, koma zambirizo ndi zofanana. Kutentha. Kudzuka, kusenza njerwa, kuponda matope. Ndinaphunzira kuti khoma limayambira pa ngodya, ndipo ngodya ikapotoka palibe chimene ungakonze pakati. Ndinaphunzira kukoka chingwe, kuwerenga levulo, kusakaniza mchenga ndi simenti mosanamiza mwini nyumba, kuwerenga pulani. Mphunzitsi wathu akapeza khoma lopindika sankakalipa, ankangoliponda ndi nsapato n'kupitirira. Langa analiponda kambirimbiri mwezi woyamba. Anyamata ankatiseka ife atsikana, akuti tabwera kudzafuna amuna. Mmodzi ndinamuuza kuti ndikanafuna mwamuna sindikanabwera kudzasankha pakati pa anthu olephera kuimika ngodya. Anasiya.

Manja anang'ambika, kenako anauma. Madzulo tinkaphunzira masamu a muyezo ndi za kayendetsedwe ka bizinesi, ine ndikuwodzera. Ndinapeza kuti ndimatha. Pofika pakati pa chaka mphunzitsi ankadutsa pa khoma langa, kuika levulo, kuichotsa, osanena kanthu, ndipo kwa iyeyo kumeneko kunali kuyamikira. Anzanga a m'chipinda ankasangalala m'malo mwanga. Ine ndinkangoona kuti khoma laima.

Chimanga chinkabwera. Mchemwali wanga sanaphonye, ankatumiza pa lole, nthawi zina ndi nyemba, nthawi zina ndi mbatesi pamwamba. Zimenezo zinkandipsetsa mtima kuposa akanandimana. Munthu umafuna wina woti umude, ndipo ine ndinalibe. Bambo analibe foni. Ndinkaimbira mpongozi wa azakhali, mayi wokwatiwa chitengwa pamudzipo, iye n'kukwera pa chulu pamene pamagwira netiweki, n'kuwaitana. Mawu awo ankabwera modukaduka. "Ndili bwino. Kuno kukuzizira. Sukulu ikuyenda?" Ndinkati ikuyenda. Ankati, "Basi, usathe mayunitsi."

Tchuthi chachifupi sindinkapita, ndalama ya ulendo inkapita ku makala. Ndinapita pa tchuthi chachikulu, chaka choyamba chitatha, nyengo ya chisanu. Ndinatenga mpeni wanga womangira, levulo yobwereka ndi chingwe, chifukwa ndinkafuna bambo aone. Njinga yamoto inanditula pa chipatala cha kwa Dambe, kwinako ndinayenda wapansi, kukwera, kutsika, kufunsa njira. Kumudzi kwa bambo ndinali nditapitako kamodzi ndili mwana. Ana amene ndinawapeza pa njira sanawadziwe bambo ndi dzina. Nditafotokoza anati, "Oo, agogo obwera aja."

Azakhali anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, anandiyalira m'nyumba mwawo. Nditafunsa kuti bambo amakhala kuti, analoza ndi mlomo kuseri kwa khola. Kunali gowelo, kanyumba kaja anyamata amadzimangira akakula kuti asamagone m'nyumba ya makolo. Linali la mwana wamwamuna wa azakhali, wotsiriza, amene anapita ku Joni. La zidina, la maudzu, chitseko cha malata a migolo. Mwana wamkazi salowa mogona bambo ake, choncho ndinangoima pakhomo. Ndinaona matiresi aja pansi, wailesi, njinga itatsamira khoma. Kukhoma kunali kukadali zithunzi za anyamata a mpira zimene mwini wake anamata. Bambo sanachotse n'chimodzi chomwe.

Anabwera kuchokera kudimba, atavala jekete la mwini gowelo. Anali ataonda, koma osati kwambiri. Anandipatsa moni wa anthu akuluakulu, "Muli bwanji, amisiri?" Anagwira levulo, kuipendeketsa, kuyang'ana kadontho ka m'kati mwake kakuyenda. Anafunsa ngati ndi zoona kuti ndingamange nyumba kuchokera pa maziko mpaka pa mtanda. Ndinati yaing'ono ndingamange. Anati, "Eti." Kenako anafunsa za munda wa mayi, ngati mwamuna wa mchemwali wanga anakonza mizere ya kumunsi imene madzi amadula. Ndinati sindikudziwa, sindinapiteko.

Ankalima dimba la azakhali. Ankadya zimene mpongozi wa azakhali waphika, nthawi imene waphika. Palibe amene ankawazunza. Kungoti munda wa amayi awo unagawidwa kalekale kwa ana aakazi ndi zidzukulu, umalume wa pamudzipo unali ndi mng'ono wawo amene sanachokepo, ndipo pa nkhani za mudzi bambo ankafunsidwa pomalizira, mwaulemu, ngati mlendo amene wapezeka pa chakudya.

M'mawa mwake ndinazungulira gowelo lija. Kumbuyo, mbali ya mphepo, kunali mng'alu kuchokera ku denga mpaka pansi, woti dzanja limalowa. Ndinasuzumira n'kuona bulangete la bambo. Kumapiri kuja chisanu chake si chamasewera, madzi a mu ndowa amaluma mano. Ndinayeza khoma ndi levulo, ngakhale diso linali litandiuza kale. Linali litayamba kugonera kunja.

Ndinaganiza msanga, mwa ntchito. Dothi la pamenepo ndi labwino, lofiira, logwira. Tchuthi chinali chokwanira kuumba njerwa, ndipo kuotcha akanatha kuotcha ine nditapita. Tchuthi chinacho ndikanadzamanga chipinda chimodzi ndi kakhonde, chaching'ono koma chowongoka, chawochawo. Ndinawauza bambo. Ndikuganiza kuti chimwalirireni mayi, aka kanali koyamba kufuna chinthu ndi mtima wonse, ndipo mawu ankatuluka mothamanga. Ndinawaonetsa ndi malo, pakati pa khola ndi mtengo wa mapichesi.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. "Ukafunse azakhali ako," anatero. "Malo ndi awo."

Azakhali ndinawapeza akusankha nyemba. Anandimvera chisoni, ndinaona ndithu. Anati pa mapichesi paja analonjeza kale mdzukulu wawo wamkazi amene akukwatiwa chaka chamawa. Kumtunda kwa khola ndi kwa mwana wawo wachiwiri. Nyumba ya njerwa zootcha ndi chinthu chokhalitsa, anatero, ndipo ikamangidwa pa dothi la mbumba, mawa ana a achimwene adzati ndi ya bambo athu, ndiye milandu imayambira pamenepo. "Si iwe, mwanangu, iwe ndikukuona ndiwe wabwino. Koma uli ndi achimwene ako, ndipo iwo ali ndi akazi awo." Anati bambo akhale m'gowelomo mmene angafunire, mwini wake sabwera msanga, ndipo akadzabwera adzaona pena.

Ndinafuna kukalipa. Ndinatsegula pakamwa, mawu anali okonzeka, omwe aja ndinawauza amalume. Koma ndinali pamudzi pa eni, ndadya nkhuku yawo, ndipo ndikachoka wotsala nawo anali bambo. Ndinatseka pakamwa. Dzanzi lija linabwerera pamalo pake, ndipo ndinathandiza azakhali kusankha nyemba mpaka zinatha.

Chimene ndinaloledwa ndi kumata mng'alu. Ndinakumba dothi kuseri kwa khola, kusakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, kuponda. Bambo anavula jekete nati andithandiza. Ndinakana, iwo anatenga ndowa. Ankatunga madzi, kundipatsira matope pa fosholo, kuimirira pambali manja kumbuyo ngati mmene amaimira othandiza amisiri. Ndinagumula zidina zofooka m'mbali mwa mng'alu, kulumikiza zatsopano kuti zigwirane mano, kuchirikiza khoma ndi mtengo kunja. Dzuwa likufika pamutu mphepo inali itasiya kulowa.

Ndikanalekera pomwepo. Koma matope anatsala, ndipo manja anali atazolowera. Ndinayamba kupaka khoma lonse la kumbuyo, kukoka ndi thabwa, kusalaza. Chaka chathunthu ndinali nditaphunzira zimenezi, ndipo pa khoma lokhota lija pulasitala ankagona bwino kuposa pa timakoma ta ku sukulu. Ana anasonkhana kudzaonerera. Mpongozi wa azakhali anadutsa ndi ndowa pamutu, anaima, nati, "Koma ndiye yasanduka nyumba yeniyenitu. Ndiijambula ndiwatumizire alamu ku Joni."

Atapita, bambo anayandikira. Anayang'ana khoma, anayang'ana njira imene mayi uja analowera. Analankhula motsitsa, kuti ana asamve.

"Amisiri, musasalaze kwambiri. Mwini wake akaona kuti yakongola aifuna msanga."

Ndinaima ndi thabwa m'manja. Ndinawayang'ana kuti mwina akuseka, koma sankaseka. Anali atagwira fosholo ya matope, akudikira kuti ndiwauze ngati ndikufuna ena.

Ndinaika thabwa pansi. Mbali imene inatsala ndinamata ndi manja, mwa chimudzimudzi, zala zikuoneka. Kenako ndinabwerera pamene ndinasalaza paja, matope asanaume, n'kupakanda ndi nsonga ya mpeni, uku ndi uku, mpaka panaoneka ngati pamata mwana. Bambo anayang'ana, nagwedeza mutu kuti tsopano zili bwino. Anatenga ndowa n'kupita kukatsuka fosholo.